Mmene Anamuolotsera Nibaldo Oyarzo pa Chingwe

Nibaldo Oyarzo anayamba kumva kupweteka m'mimba sitima yawo itangodutsa nyanja ya kummwera yotchedwa Golfo de Penas, ndipo chinthu choyamba chimene anachita chinali kubisa. Anthu ena akadwala amafuna mudzi wonse umve. Iye ankaona matenda ngati chinthu chochititsa manyazi, chosayenera kutchulidwa pagulu. Anapita kukhitchini, napempha madzi otentha, naviikamo masamba a mankhwala otchedwa boldo amene mkazi wake Eduvina ankamuikira m'chikwama ulendo uliwonse, namwa ali chilili. Ululuwo sunasunthe ndi masamba. Unangochoka pamchombo n'kutsikira kumanja, kumunsi, n'kukhazikika pamenepo ngati mlendo amene wavula kale nsapato.

Sitima imene ankagwirako ntchito inalibe ulemerero. Inali ya asilikali a pamadzi, inde, yopakidwa utoto wotuwa ngati zinzake, koma m'kati mwake munali mafuta okhaokha. Ntchito yake inali kutsatira sitima zankhondo kulikonse kumene zalowera ndi kuzimwetsa mafuta pakati pa nyanja, zili chiyendere, kuti zisamabwerere kudoko. A m'sitima zankhondo ankaitcha Ng'ombe Yamkaka, anthu ake n'kumawatcha okama. Nibaldo anakhala wokama kuyambira ali wopanda ndevu mpaka imvi zitayamba kumera ndi m'makutu momwe.

Si zimene ankalota. Anabadwira ku Calbuco, mwana wa munthu wa ngalawa yonyamula mbatata ndi nkhuni, ndipo akaona sitima zankhondo zikudutsa patali, zowonda, zaliwiro, mtima wake unkapita nazo. Atalowa usilikali anapempha imodzi mwa zimenezo. Mkulu wogawa anthu anamuyang'ana mapewa, nati, "Pita kaye ku ya mafuta, mphwanga, n'kwa miyezi yochepa chabe." Miyezi yochepayo ndi imene inamudyera unyamata wonse. Poyamba ankang'ung'udza. Kenaka anamupatsa winchi, makina aja okoka ndi kumasula waya, ndipo kung'ung'udza kunathera pomwepo.

Pomwetsa mafuta, sitima ziwiri zimayenda moyandikana kwambiri, moti munthu wa mbali inayo umamuona nkhope. Wina amawombera kachingwe kudutsa pamadzipo, kachingweko kamakoka chingwe, chingwecho chimakoka waya, ndipo pawayapo ndi pamene amapachika paipi yakuda, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Nyanja nayo siikhala phee kuti anthu agwire ntchito. Sitima zikapendekera kuyandikana, waya amalendewera ndipo paipi imamira. Zikapendekera kutalikirana, waya amakungika kufuna kuduka, ndipo waya akaduka sasankha mwendo wa yani. Wa pawinchi ndiye amakoka ndi kumasula, maso ali pamafunde, dzanja lili pachitsulo. Nibaldo ankaidziwa ntchitoyi, ndipo ankadziwanso kuti akuidziwa, chomwe ndi chiyambi cha mavuto a amuna ambiri.

Eduvina anakumana naye kudoko la Talcahuano pa gule wa mu Seputembala, ndipo mawu oyamba amene mtsikanayo anamuuza anali akuti akununkha ngati nyali ya parafini. Anakwatirana fungolo lili chomwecho. Anamanga nyumba yamatabwa paphiri, pamene ukaima pakhonde umaona doko lonse, nalera ana atatu. Kunena zoona, anawalera ndi Eduvina. Nibaldo ankangobwera kudzadabwa mmene atalikira. Mayiyo anazolowera kuona sitima zankhondo zikulowa padoko, akazi anzake akutsika phiri mothamanga, iye n'kupitiriza kuyanika zovala, podziwa kuti ya mwamuna wake ifika pomaliza, ikudzikoka.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ulendo umenewu, akumuikira masamba aja m'chikwama, anamuuza kuti, "Madala inu, mukamva chilichonse m'thupi mukanene. Si inu nokha amene mumadziwa kukoka kachitsulo kaja."

"Winanso ndani? Belarmino? Uja ndi munthu wabwino, koma nyanja ikakwiya amatseka maso."

"Mudzafa ndi matama."

"Ndidzafa ndi msuzi wako uja wa cazuela wopanda mchere."

"Ndiye mukadye wa kusitima, muone ngati ophika kumeneko angakusendereni mbatata bwinobwino."

Belarmino Ulloa anali wachiwiri wake pawinchi, bambo wofatsa wa ana asanu, amene anali asanatsekepo maso pantchito n'kamodzi komwe. Nibaldo ankadziwa zimenezo. Koma tsopano, ali kummwera kuja, ululu ukumubaya, anadzinamiza mosavuta. Sitima zankhondo zinali zitathamanga masiku angapo, mafuta atatsika, ndipo namondwe anali m'njira. Anaganiza kuti akanena, namwino wa pasitima amugoneka pabedi, winchi n'kugwera m'manja mwa wina nyanja ili yolusa chonchi. Choncho analuma mano. Anamwetsa sitima imodzi, namwetsa ina, thukuta lili kamukamu pamene anzake akunjenjemera ndi chisanu. Chakudya ankangochiyendetsa m'mbale ndi supuni. Poyenda ankapendekera kumanja, ndipo wina akamufunsa ankati wagona molakwika. Uwu unali uchitsiru, ndipo palibe dzina lina lounyengerera nalo. Chinthu chimene chinali m'mimba mwake chinali chakupha, ndipo iye ankachipatsa nthawi.

Tsiku lachitatu m'mawa inafika nthawi yomwetsa sitima yaikulu, ija yokwera mkulu wa gulu lonse. Kumwamba kunali kotuwa, mphepo ikuuluza thovu. Pasitima imeneyo, amene ankalandira paipi anali chimunthu china chachitali, chamapewa ngati chitseko, dzina lake Floridor Catrileo. Dzinali Nibaldo ankalidziwa pongomva, chifukwa awiriwa anali asanalankhulanepo. Mmodzi akakhala padoko, mnzake amakhala panyanja. Akakhala onse padoko, wina ankakwera phiri, wina ankakwera basi ya kwawo ku Temuco. Komabe kwa zaka zambiri ankatukwanizana mokhulupirika, ndi manja okha. Sitima zikangoyandikana, Floridor ankakweza manja n'kuyamba kukama ng'ombe yosaoneka. Nibaldo ankayankha popinda mkono ngati wanyamula khanda, n'kumaliyamwitsa botolo. Anthu a mbali zonse ziwiri ankadikira zimenezi, ndipo ntchito sinkakoma zisanachitike.

M'mawa umenewo Floridor anakama ng'ombe yake. Nibaldo anaona, koma kuti akweze mkono kunali kosatheka. Dzanja limodzi linali pachitsulo, lina litatsamira pamakina kuti asagwe. Floridor anakamanso, mokokomeza, mpaka kugwada. Sanayankhidwe. Anasiya kuseka, nayang'anitsitsa kwa kanthawi, napita kwa msilikali amene anali ndi foni ya waya, ija imene amaolotsa pakati pa sitima ziwiri pa nthawi yomwetsa.

Wa foni wa ku Ng'ombe Yamkaka anamvetsera, natembenukira kwa kaputeni, amene anali atatsika kudzaonerera. "Bwana kaputeni, a uko akufunsa. Akuti nkhalamba ya pawinchi yatani? Akuti lero sinawatukwane."

Anthu amene ankadya naye patebulo limodzi sanaone kanthu, koma munthu wa tsidya lina la madzi anaona. Kaputeni anamuyang'ana Nibaldo kamodzi kokha, nakodola Belarmino kuti atenge chitsulo. Nibaldo anafuna kukana, koma miyendo inamukanira iyeyo poyamba. Belarmino anamaliza kumwetsa sitimayo, maso ali chitsegulire.

Namwino anamugoneka, nadina kumunsi kwa mimba pang'onopang'ono, nachotsa dzanja mwadzidzidzi. Nibaldo anakuwa mawu amene amayi ake sanamuphunzitse.

"Zayamba liti zimenezi, Don Nibaldo?" anafunsa namwinoyo, akumutchula mwaulemu wa kwawoko.

"Dzulo."

"Don Nibaldo."

"Dzana. Mwina dzana lija."

Namwinoyo anapukusa mutu. "Kathumbo ka apendikisi katupa. Kakaphulika muli muno, ine ndilibe chochita koma kukugwirani dzanja. Pakufunika opaleshoni lero lomwe."

Dokotala, ndi chipinda chake cha opaleshoni, anali pasitima yaikulu ija, pafupi moti ukanatha kuponyako lalanje. Koma helikopita sikanauluka pamphepo yotero, boti laling'ono silikanatsitsidwa pamafunde otero, ndipo doko linali kutali kuposa nthawi imene mimba ya Nibaldo ikanadikira. Inatsala njira imodzi: kumumangirira pamachira, kumupachika pachingwe, ndi kumuolotsa pamwamba pa madzi sitima zili chiyendere.

Pali lamulo lakale pa zimenezi, ndipo aliyense wa pasitima ya mafuta amalidziwa. Katundu amaoloka ndi winchi. Munthu saoloka ndi winchi. Chingwe chonyamula munthu amachimanga kusitima inayo, ndipo mbali ino amachigwira anthu ndi manja, atandanda mzere wautali. Sitima zikayandikana amathamanga nacho cham'mbuyo kuti chisalendewere. Zikatalikirana amachipatsa mpata kuti chisaduke. Chifukwa chake n'chakuti makina samva. Akagwira agwira, mpaka china chiduke. Nibaldo anali atagwirapo chingwe chotere kangapo poolotsa ena, ndipo nthawi zonse ankanyinyirika, kunena kuti winchi yake ndi yaulemu kuposa gulu la anthu opondana zidendene.

Akumumanga pamachira, atamuveka jekete yoyandamitsa, anayesa komaliza. "Bwana kaputeni, ndiikeni pawaya. Winchi yanga ndimaidziwa."

"Lamulo mukulidziwa, Oyarzo."

"Ndiye moyo wanga uli m'manja mwa ophika ndi ochapa?"

"Ndi anga omwe. Khalani chete, mukutha mphamvu."

Anatembenuza mutu, naona mzerewo. Panali ophika atavala maepuloni awo, a kuinjini nkhope zili bii, wometa tsitsi, wa mapepala uja amene sankanyamula chilichonse cholemera kuposa kapu ya tiyi, ndi mabwana awiri atavula majekete. Kutsogolo kwenikweni kunali Belarmino. Nibaldo anachita mantha, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chilowereni usilikali. Ankawadziwa anthu amenewa mmodzimmodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atawakalipirapo.

Machira ananyamuka. Chitsulo cha sitima chinachoka pansi pake, ndipo pansipo panatsala phokoso lokha. Madzi a pakati pa sitima ziwiri sayenda ngati madzi ena. Amapanikizika, amawira, amalumphira m'mwamba oyera mbee. Nibaldo anali gada, akuona mitambo ndi kagudumu kamene kankayenda pachingwe pamwamba pa nkhope yake, kakulira. A sitima yaikulu ankamukoka ndi kachingwe kawo, pang'onopang'ono. Nthawi iliyonse machira akagwedezeka, m'mimba munkang'ambika.

Ali pakatikati, funde lalikulu linadutsa pansi pa sitima zonse ziwiri n'kuzipendeketsa kuyandikana. Chingwe chinalendewera. Machira anatsika ngati akugwa, ndipo madzi ozizira anamumenya kumsana, nadzaza m'makutu, nalowa m'kamwa. Anamva mchere. Kenaka chingwe chinakungika, n'kumutukula, akutsokomola. Asanapume bwino, sitima zinabwerera, n'kupendekera kutalikirana, ndipo chingwe chinayamba kulira kulira kumene iye ankakudziwa bwino, kwa chinthu chimene chatsala pang'ono kuduka. Anamva mfuu kuchokera kusitima yake, mawu a anthu ambiri pamodzi. Pamenepo sanaganize za winchi. Anaganiza za Eduvina ali pakhonde, akuona sitima ikulowa padoko pomaliza monga mwa nthawi zonse, akuvula epuloni kuti atsike phiri, osadziwa kanthu. Anapempha Mulungu kuti mkazi wake asatsike phirilo pachabe, ndipo china chilichonse sanapemphe.

Chingwe sichinaduke. Kulirako kunachepa, machira anagwedezeka, nayambanso kuyenda. Patapita kanthawi kamene kwa iye kanali ngati chaka, manja ambiri anagwira machirawo n'kuwatsitsa pansi. Chinkhope chachikulu chinaweramira pa iye.

"Takulandirani, a okama. Mkaka mwasiya kuti?"

Mawuwo anali aang'ono, opyapyala, osagwirizana n'komwe ndi mapewa aja. Nibaldo anayang'ana, mano akugundana. "Ndiwe Floridor? Thupi lonseli, mawu n'kukhala amenewo?"

"N'chifukwa chake ndimakutukwanani ndi manja, compadre, mnzanga. Munyamuleni, anyamata, asatifere pano. Tingasowe womuseka."

Anamunyamula, Floridor atagwira kumutu kwa machira, akutchinga mphepo ndi msana wake. Dokotala anamuchita opaleshoni masana omwewo, ndipo atatsitsimuka anamuuza mosabisa kuti kathumboko anakapeza katayamba kale kung'ambika. Floridor ankabwera akamaliza ntchito, n'kukhala pakampando kamene kanamuchepera, akusimba za nkhosa za abambo ake ndi kamawu kake kaja. Nibaldo anayesa kumuthokoza, koma iye anakana. "Ine ndinangofunsa funso. Okuthokozani ali uko, kwanu komwe."

Sitima yaikulu inathamangira ku Talcahuano, Ng'ombe Yamkaka n'kutsala kummwera ikumwetsa zinzake. Kuchipatala cha padoko, Eduvina anafika ndi mphika wokutidwa ndi nsalu. Anaima pafupi ndi bedi nthawi yaitali osalankhula, zomwe kwa Nibaldo zinali zoopsa kuposa namondwe.

"Vina, nena kanthu."

"Ndinene chiyani? Ndinanena kale, pakhomo, ndikukuikirani masamba. Munkafuna ndidzalandire chikwama chokha?"

"Ndinalakwa."

"Mwati chiyani? Bwerezani, ndiitane ana adzamve. Sizidzachitikanso zimenezi."

Anamudyetsa msuzi ndi supuni, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kumanamizira nthunzi.

Chimene chinkamudya Nibaldo masiku otsatirawo chinali mzere uja. Chifukwa cha kuuma mutu kwake, sitima ziwiri zinayenda moyandikana nthawi yaitali panyanja yoipa, ndipo anthu amene sanalakwe kanthu anaika miyoyo yawo pachiswe. Ankafuna kuwagwira chanza onse, mmodzimmodzi, komanso ankaopa kuti mwina amukwiyira, ndipo akanakhala iye akanakwiya. Tsiku limene Ng'ombe Yamkaka inaoneka pakamwa pa doko, anaumirira kupita. Madokotala anamulola monyinyirika. Anafika padoko atawerama, akuyenda ngati wanyamula mazira, Eduvina atamugwira pamkono.

Anthu anayamba kutsika, zikwama zili kumsana, manja ali m'matumba a majekete. Woyamba anali wometa tsitsi. Nibaldo anatambasula dzanja. Wometayo anagwedeza mutu, nati, "Mwadzuka, Don Nibaldo? Zikomo Mulungu," nadutsa. Wachiwiri, wa kuinjini, anachita chimodzimodzi. Wachitatu anamwetulira, nayang'ana kumbali. Dzanja la Nibaldo linatsala m'malere, ndipo manyazi anamugwira mpaka kumakutu. Anayamba kulibweza.

Kenaka anatsika Belarmino. "Akulu, mwachira? Mukuoneka bwino kuposa mmene munachokera."

"Belarmino, ngati mwandikwiyira, nenani. Ndikuyenera."

"Kukwiya kwa chiyani? Kukuzizira basi."

Kunkazizira ndithu, koma Eduvina analera ana atatu, ndipo ankadziwa mmene munthu wobisa kanthu m'thumba amaimira. Anasiya mkono wa mwamuna wake, nagwira Belarmino pamkono, natulutsa dzanjalo, nalitembenuza. Chikhatho chonse chinalibe khungu lake. Kuchokera pa zala mpaka pafupi ndi mkono panali nkhanambo zakuda, zong'ambika m'mizere, ndipo pena panali pofiira, posapola. Anatulutsa linalo. Linali chimodzimodzi.

Belarmino anausa moyo. "Mayi, mwatiulula. Tinagwirizana kuti asaone."

"Zinatani?" anafunsa Nibaldo.

"Paja sitima zinatalikirana. Tikanachitaya chingwe, inu mukanalowa m'madzi. Tikanachiumiriza, chikanaduka. Ndiye tinachilola chidutse m'manja, koma osachisiya. Chinatentha pang'ono."

"Nonse?"

"Akutsogolo kwambiri, akumbuyo pang'ono. Musayambe kulira pano, akulu, a sitima zankhondo akuona. Atiseka chaka chonse."

Amene anadutsa kale aja anali ataima, natembenuka. Eduvina anapita kwa wometa tsitsi, namuyang'ana m'maso mpaka mwini wake anatulutsa manja. Anapita kwa wa kuinjini, nayenso anatulutsa. Ena onse, poona kuti chinsinsi chatha, anatulutsa okha, ena ali ndi mabandeji akuda ndi mafuta, ena zilonda zili poyera.

Chiyamiko chimene chinadzaza Nibaldo chinali chowawa kuposa bala la pamimba. Manja amenewo sakanatha kuwagwira chanza, choncho anagwira Belarmino pamkono, pamwamba pa chilonda, ndi manja ake onse awiri, namutchula dzina lake lonse. Anamusiya, nagwira wotsatira, namutchulanso dzina. Anthuwo anandanda okha, akuseka mwamanyazi, akukankhana ndi zigongono. Wina anabweretsa bokosi kuti akhalepo, pakuti nkhope yake inali itayamba kutuwa, koma anakana. Mzerewo unali wautali, ndipo anaima chiimire mpaka wophika womaliza atadutsa.